Chikwatu chomwe ndinabisa pansi pa bedi

Asisi ambiri amene simunathe kubwera ku Mitundu Loweruka lapitali mwakhala mukundipempha kuti ndilembe zomwe ndinalankhula. Ndi izi. Ndangochotsamo kuseka ndi malo amene amayi anandidula mawu kuti andikonze, ngakhale ena ndawasiya dala.

Zikomo amayi otsogolera mwambo. Amayi anga a kuno ku Mitundu, amayi amene mwalawira kuchokera ku Nathenje, ndi inu asisi amene tapanikizana mu minibasi imodzi kuchokera m'tauni, mwaswera bwanji nonse?

Ndaimirira pano ndi kamantha pang'ono. Nkhani yomwe ndapatsidwa ndi ya ndiwo zamasamba, kulima kwake ndi kusunga kwake, pomwe kutsogolo kwangaku kwakhala anthu amene anayamba kufutsa ine ndisanabadwe. Ndiye amayi anga, ndikaphonya mundikonze pomwepo, musadikire kuti ndimalize. Koma mundilole kuti mawu ambiri ndiwaponyere kwa anzanga a m'tauniwa, chifukwa ndife amene tatsalira.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo.

Agogo anga, mayi awo a mayi anga, ankakhala kumudzi kupitirira Mitundu pano, njira yolowera ku Dzalanyama. Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, analibe ndalama yondipatsa. Tsiku lonyamuka anangolowa kukhitchini, n'kumasula chikwatu chimodzi padenga, n'kundiikira m'chikwama. Kwa amene simuchidziwa, chikwatu ndi mfutso wokulungidwa m'masamba a msuku, womangidwa ndi luzi mpaka kukhala ngati mpira. Chinali cha chitambe. Anati, “Kusukuluko ndiwo zikakukanani, mudzanyike pang'ono m'madzi, mudzathire nsinjiro.”

Nditafika ku hostel, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anachiona ndikutulutsa katundu. Anafunsa mokweza kuti, “Eti asisi, amenewa ndi mankhwala?” Atsikana onse a mbali imeneyo anabwera kudzaona. Anaseka, ndipo ine ndinaseka nawo. Usiku womwewo ndinachikulunga mu jumbo n'kuchikankhira pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi. Chinakhala pamenepo semesita yonse. Potsekera ndinachiponya mu bini. Nditabwera kumudzi agogo anandifunsa ngati ndiwo zinakoma. Ndinati zinakoma kwambiri.

Agogowo anatisiya ine ndisanamalize sukulu. Bodza lija ndinalibe mpata wolikonza.

Ndinadzachikumbukira chikwatu chija mu Novembala 2023. Mukukumbukira mwezi umene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ine ndinali ndi digiri yanga m'fayilo, ntchito palibe, ndikukhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Area 36 pamodzi ndi mng'ono wanga. Madzulo ena ndinaima pa benchi ya mayi wogulitsa masamba, ndikuwerenga ndalama m'manja, ndikusankha pakati pa mpukutu wa repu ndi kandulo. Mpukutu wakewo unali wa masamba anayi, ofota ndi dzuwa. Pomwepo ndi pamene zinandilowa kuti ndinataya mu bini ndiwo za masabata angapo chifukwa choopa kusekedwa.

Dzinja litatha ndinakwera minibasi kupita kwa azakhali anga ku Nathenje, ndinakawauza kuti, “Azakhali, ndiphunzitseni kufutsa.” Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, “Sukulu yonse ija sanakuphunzitseni?” Zomwe ndikuuzeni lerozi, zambiri zinachokera pakhonde pawo. Zina ndinachita kuwerenga, ndipo ndinapeza kuti mabuku ndi azakhali amagwirizana pafupifupi pa chilichonse.

Choyamba chomwe anandiphunzitsa ndi kuwerenga chaka. Ife a m'tauni timawerenga chaka ndi masiku a malipiro. Iwo amachiwerenga ndi ndiwo. Kuno ku Lilongwe mvula yathu pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Marichi, mwina kukhudza Epulo. M'miyezi imeneyo masamba ali ponseponse. Nkhwani wayanga m'chimanga, khwanya ndi chitambe zili m'mizere, bonongwe wamera yekha pa khola lakale, chisoso, luni ndi denje zikungopondedwa m'njira. Palibe amene amagona ndi njala ya ndiwo mu Febuluwale, njala yake imakhala ya ufa. Koma taonani mmene zilili lero. Mvula yayamba kudukiza, chimanga chikuuma, m'mawa kwayamba kamphepo kozizira. Pakangopita masabata ochepa nkhwani uyera ndi kukhakhala, nyemba zikhwima n'kuyoyola masamba, ndipo akakolola, mbuzi ndi ng'ombe azimasulira m'minda. Zobiriwira zonse zija zitha ngati sizinakhaleko.

Ndiye nthawi ya ntchitoyi ndi yomwe tili inoyi, dzinja likutsazika, masika akulowa. Ukafulumira kwambiri, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, masamba sauma, amachita nkhungu. Ukachedwa, upeza okalamba okhaokha. Mpata wake ndi wochepa, ndipo ukaphonya udikira chaka chamawa.

Tsono njala ya ndiwo imabwera liti? Imabwera chilimwe chikafika pachimake, Seputembala, Okutobala, Novembala, zitsime za kudimba zikuphwa, masamba pamsika akudula. Imapitirira mpaka mvula yoyamba, pamene aliyense ali kumunda ndipo zomera sizinafike pothyola. Mfutso wa mu Epulo ndi wa masiku amenewo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma chilimwe chokha timachidziwa tsiku lake, chimabwera chaka chilichonse. Ndipo zaka zina chimabwera ndi mnzake. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka chimenecho, nyumba yomwe inali ndi zikwatu padenga inali ndi poyambira.

Tsopano kafutsidwe kake. Asisi, tulutsani mafoni mulembe, si zamanyazi.

Thyolani m'mawa mame atangouma, ndipo musankhe masamba anthete, osadyedwa ndi tizilombo. Mfutso sukonza tsamba loipa. Lomwe simungaphike lero musaliyanike. Ngati mwagula masamba a kudimba, funsani ngati apoperedwa mankhwala posachedwa, chifukwa mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake odikira musanakolole, ndipo dzuwa silichotsa zimenezo. Nkhwani muusadzule bwinobwino monga mumachitira pophika. Tsukani masamba asanadulidwe, osati atadulidwa.

Kenako wiritsani madzi, muthiremo kamchere pang'ono. Madzi akabwata, ponyanimo masamba pang'onopang'ono, osadzaza mphika. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana kwa masamba anthete, mungoona kuti afota ndipo kubiriwira kwake kwawala. Vuulani, mukhetse madzi pa lichero. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa ulendo woyamba. Ndinawasiya pamoto ngati ndikuphika ndiwo za nkhomaliro, ndipo zomwe ndinayanika zinali phala. Azakhali anangoti, “Mwaphika, simunafutse.”

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangoyanika osawiritsa. Tsamba likathyoledwa silifa nthawi yomweyo. Muli zinthu zina m'kati mwake zomwe zimapitiriza kugwira ntchito, n'kumasintha mtundu, fungo ndi kakomedwe. Madzi otentha aja amaimitsa ntchito imeneyo, amaphanso tizilombo tina tapamwamba, ndipo amafewetsa tsamba kuti liume msanga. N'chifukwa chake mfutso wofutsidwa bwino ukaunyika umabwerera kubiriwira, pomwe wongoyanika umakhala wofiirira ngati fodya. Koma si ndiwo zonse zomwe zimafuna madzi otentha. Therere lobala mumangoliduladula n'kuliyanika, denje nayenso amayanikidwa wosawiritsa, chifukwa mukaziwiritsa zimayamba kutelereka musanafune.

Poyanika pake ndi pomwe ndikufuna tikambirane, ngakhale ndi inu amayi anga. Ambiri timayanika pa mphasa pabwalo, padzuwa lamphamvu, ena pamalata, ena pamwala. Zimauma msanga, n'zoona. Koma dzuwa lachindunji limawononga mbali yaikulu ya zomwe thupi limasandutsa vitamini A, zomwe zimateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Vitamini C yekha ndiye amathawa kwambiri, ena m'madzi owiritsira, ena padzuwa. Zomwe zimatsala bwino ndi ayironi, calcium ndi zomanga thupi. Ndiye ngati mungathe, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena pansi pa shedi. Zitenga masiku owonjezera koma mudzaona kusiyana kwa mtundu. Ndipo muyanike pamwamba, pa thandala, osati pansi pomwe nkhuku, agalu ndi fumbi zikudutsa. Phimbani ndi kansalu kopyapyala koyera, monga katani yakale, kuti ntchentche zisatere. Chonde, osati neti ya udzudzu. Neti ili ndi mankhwala, ndipo malo ake ndi pa bedi. Dzuwa likamalowa lowetsani m'nyumba, chifukwa mame a miyezi ino ndi ambiri.

Mudzadziwa kuti zauma mukafinya m'dzanja n'kumva zikuthetheka, zikuphwanyika. Zikangopindika osathyoka, sizinaume, ndipo mukazitsekera zichita nkhungu. Musadabwe ndi kuchepa kwake. Tsamba ndi madzi okhaokha, dengu lodzaza limatsala kambale. Koma kambale kameneko mukakanyika kamabwereranso.

Posunga, adani ndi anayi: chinyezi, kuwala, makoswe ndi tizilombo tofumbutsa. Agogo athu anawagonjetsa onse ndi masamba a msuku ndi luzi, n'kupachika chikwatu kukhitchini komwe kuli kouma ndipo utsi umathamangitsa tizilombo. Ena amasunga mumtsuko n'kumata kukamwa kwake. Ife a m'tauni tilibe msuku pakhomo, koma tili ndi ndowa zapulasitiki zotseka bwino, mabotolo ndi zitini. Zitsukeni, ziume gwaa, thiranimo mfutso, tsekani, ikani pamalo amdima. Lembani dzina la ndiwo ndi mwezi wake. Kamodzi pa mwezi tsegulani muone. Mukapeza kuti zayamba kufewa, yanikaninso. Mukapeza nkhungu, tayani, musachite nazo chisoni.

Pa bowa ndichenjeze kawiri. Bowa amafutsidwa ndipo amakoma, koma bowa wakupha ukamufutsa amakhalabe wakupha. Kuwiritsa ndi kuyanika sikuchotsa poizoni wake. Ngati simunaphunzitsidwe ndi munthu amene amamudziwa bwino, musazule nokha.

Kusunga sikuthera pa masamba. Maungu okhwima, othyoledwa ndi kaphesi kake, mukawaika pamthunzi pamalo okwera amakhala miyezi. Nthanga zake musataye. Zina ndi mbewu, zina mukazinge, kapena musinje n'kuthira m'ndiwo ngati nsinjiro. Mbatata amayi kuno amaisunga mu nkhuti, dzenje lothiridwa phulusa. Mtedza wa nsinjiro uume bwino usanalowe m'thumba, ndipo wachuku musadye kapena kupatsa ana, chifukwa chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Kenako pali tomato. Apa azakhali aku Nathenje anandionetsa chinthu chomwe sindinachiganizirepo. Mukadutsa pa msewu wa M1 nthawi ya chilimwe, mumaona milu ya tomato m'mbali mwa msewu, amayi akukuitanani. Madambo a kumeneko mvula ikatha amasanduka madimba, aliyense amabzala nthawi imodzi, n'kukololanso nthawi imodzi. Mtengo umagwa, wina amaolera m'madengu. Koma ikafika Januwale ndi Febuluwale, tomato amavuta kulima chifukwa cha matenda a nthawi ya mvula, ndipo ku Wakawaka timamugula mowerenga. Ndiye chaka chili ndi nyengo ziwiri zosungira. Masamba timafutsa tsopano kuti tidye m'chilimwe. Tomato timayanika m'chilimwe kuti tidye m'dzinja. Mumasankha wakupsa koma wolimba, mumamudula mopyapyala, kuwaza kamchere, kuyanika pa thandala ataphimbidwa mpaka aume ngati chikopa. Mukafuna mumusinja akhale ufa. Supuni imodzi kapena ziwiri mu nyemba, simufunanso kuthamangira ku benchi.

Ndikuona nkhope zina kumbuyoko zikuti, “Zonsezi n'zabwino, koma ine ndimakhala pa lendi ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25. Munda ndiutenga kuti?” Ndinanenanso chimodzimodzi. Yankho lili pawiri.

Loyamba, simufunika munda kuti mufutse. Masabata ano nkhwani, chitambe ndi bonongwe n'zotsika mtengo kuposa nthawi ina iliyonse pachaka. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi, gulani zambiri, tengani Loweruka limodzi mufutsire limodzi, mugawane.

Lachiwiri, dimba limakwana m'thumba. Tengani thumba la makilogalamu 50, lija la ufa kapena la feteleza, mulitsuke. Sakanizani dothi magawo awiri ndi manyowa owolerana gawo limodzi. Ndati owolerana, chifukwa zitosi zaziwisi zimawotcha mbande. Pezani chitini chochotsedwa pansi, chiimikeni pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, n'kuthira dothi mozungulira. Kokerani chitini m'mwamba, mubwereze mpaka thumba lidzaze. Pakati patsala mzere wa miyala, ndipo madzi mukathira pamenepo amafika mpaka pansi. Boolani timabowo m'mbali motalikirana pafupifupi chikhatho chimodzi, mulowetsemo mbande za mpiru, repu kapena tchainizi. Pamwamba bzalani anyezi. Ikani pomwe dzuwa limafika theka la tsiku.

Ndipo nyengo yomwe tikulowayi ndi yabwino kwa ndiwo zimenezi. Mpiru ndi repu zimakonda chisanu cha Meyi, Juni ndi Julayi. Mukafesa nazale lero, pakatha masabata atatu kapena anayi mukuwokera, ndipo patatha mwezi wina mwayamba kuthyola. Muzithyola masamba apansi, mtima muusiye, chomera chimodzi chidzakudyetsani masabata ambiri. Bonongwe yekha amakonda kutentha, mudzamufese kukayamba kufunda, ndipo iye sachedwa, mwezi usanathe mwayamba kudya.

Madzi ndikudziwa kuti timagula. Koma onani madzi omwe timataya tsiku lililonse: otsukira mpunga, otsukira masamba, otsukuluzira mbale komaliza. Amenewo thumba limalandira. Okhawo a Jik, a sopo wambiri ndi ochapira matewera ndiwo osathira. Phimbani pamwamba pa thumba ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Nsabwe za m'masamba zikabwera, yambani mwaziphwanya ndi zala kapena kuzitsuka ndi madzi a sopo pang'ono, kapena madzi onyikamo masamba a nimu, musanathamangire kugula mankhwala. Mdani wamkulu m'tauni ndi nkhuku za aneba. Tchingani ndi timitengo ndi masaka akale, musadane ndi anthu.

Chomwe ndimalikondera thumba n'choti alandilodi akakuuzani kuti mwezi ukatha mutuluke, dimba lanu limakwera nawo pa lole limodzi ndi matiresi. Ine ndasamuka nalo kale kamodzi.

Mbewu musamagule chaka chilichonse. Pa mpiru wamakolo ndi bonongwe, siyani zomera ziwiri zamphamvu zichite maluwa, njere zikauma musunge m'botolo. Za haibulidi zokha ndi zomwe sizibwereza bwino. Ndipo ngati muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba, pemphani amayiwa zingwe za mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika. Pansi mukumba mbatata ya vitamini A, pamwamba mukuthyola kholowa.

Mwina wina akuti, zonsezi chifukwa cha masamba basi? Tiyeni tiwerenge. Tingoyerekeza kuti mpukutu ndi K500, ndipo pakhomo panu mumafuna iwiri patsiku. Pa mwezi ndi K30,000. Ikani mtengo weniweni wa kwanuko, muwerenge nokha. Kwa mtsikana amene akudikira ntchito, kapena amene amalandira ndalama ya ndiwo patebulo m'mawa uliwonse n'kumafunsidwa madzulo kuti yathera pati, ndalama imeneyo si yochepa. Ena mwa ife takhalapo m'maubwenzi omwe sitinkawafuna chifukwa cha ndalama ya ndiwo. Sindikunena kuti thumba la mpiru lithetsa zimenezo. Koma tsiku lomwe uli ndi ufa ndi mfutso m'nyumba, umayankha munthu ndi mawu ena.

Palinso nkhani ya magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, wochitidwa ndi National Statistical Office, anapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Anapezanso kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Yang'anani amene mwakhala naye kumanja ndi kumanzere, muwerenge mpaka atatu. Ife timataya magazi mwezi uliwonse, ena tili oyembekezera, ena tikuyamwitsa. Ku sikelo amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo masamba ndi gulu limodzi mwa amenewo, koma m'chilimwe gulu limeneli limasowa m'mbale zambiri. Masamba okha sachiza kuchepa kwa magazi, amene akumva chizungulire ndi kufooka apite kuchipatala akayezedwe. Koma bonongwe, chisoso, luni ndi chitambe zili ndi ayironi, ndipo kaphikidwe kamathandiza kuti thupi limulandire. Thirani tomato kapena mufinyire ndimu pomaliza. Thirani nsinjiro kapena mafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amayenda ndi mafuta. Tiyi musamwere pa chakudya, dikirani kaye. Ndipo soda, amayi anga mundikhululukire, tichepetse. Amafewetsa msanga koma amapha mavitamini ena. Mfutso mukaunyika m'madzi kwa kanthawi musanauteleke, umafewa wokha, ndipo madzi onyikirawo muphikire momwemo.

Taonani mmene agogo ankaphikira: mfutso, tomato, nsinjiro. Sanapite ku kalasi ya nutrition, koma mphika wawo unali kale ndi zonse zomwe ndangotchulazi.

Pafupi ndi pano pali phiri la Bunda, ndipo pansi pake pali sukulu ya zaulimi ya LUANAR, komwe aphunzitsi ndi ophunzira akhala akufufuza za ndiwo zamakolo kwa zaka zambiri. Kale kwambiri, mu 1955, mayi wina wa ku Britain, Jessie Williamson, anatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino, Useful Plants of Nyasaland, ndipo ndiwo zathuzi zilimo ndi mayina ake. Nzeruzo zinachokera kuti? Kwa anthu a m'midzi ngati amene akhala pa mikekawa. Zikalembedwa m'Chingerezi timazipatsa ulemu. Zikakulungidwa m'masamba a msuku timafunsa ngati ndi mankhwala. Ine ndinali mmodzi wa oseka, ndiye sindikuloza munthu chala.

Ndisanakhale pansi, mawu awiri olemera pang'ono.

Oyamba ndi a ife a m'tauni. Tikafika pa Nathenje kapena pa msika wa Mitundu, timatsika m'galimoto n'kuyamba kunenerera mpaka mayi wogulitsa atsale ndi ndalama yosakwana sopo. Mu shopu yaikulu m'tauni timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Tsopano mwamva ntchito yomwe ili mu kambale kamodzi ka mfutso: kuthyola, kusadzula, nkhuni, madzi, masiku oyanika. Mukamagula, kumbukirani zimenezo.

Achiwiri ndi a m'nyumba zathu. Sindinabwere kudzawonjezera ntchito pamutu pa mkazi amene wasenza kale madzi, nkhuni ndi mwana. Kheni yothirira ilibe dzina la munthu. Anyamata a pakhomo athirire, abambo amange thandala ndi mpanda. Ndipo amayi ena andiuza, ndipo ndadzionera ndekha, kuti dimba likakhala la ndiwo zapakhomo limatchedwa la mayi, koma likayamba kutulutsa madengu opita ku tauni limasintha mwini, ngakhale pamalo pomwe mwamunayo ndi mkamwini. Amene wathirira akhale nawo powerenga ndalama. Ndi zokhazo, ndipo amayi aku Nathenje ati masana ano ali ndi zambiri zoti anene pa nkhaniyi, ndiye ndiwasiyira.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino, imbirani foni agogo anu, mayi anu, azakhali anu, aliyense amene akadali moyo ndipo amadziwa. Afunseni kuti kwanu amafutsa chiyani, amafutsa bwanji, amasunga motani. Kwa Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, kulikonse kuli njira yake ndi mayina ake. Jambulani mawu awo pa foni, alembeni. Musachite ngati ine amene ndinadikira mpaka wondiphunzitsa woyamba atapita. Kenako, mwezi uno usanathe, futsani ndiwo yamtundu umodzi, olo kambale kamodzi. Ndipo dzazani thumba limodzi.

Tikatha nkhomaliro, amayi ayatsa moto kuseri kuja. Pali nkhwani, chitambe ndi khwanya zomwe athyola m'mawa uno, palinso masamba a msuku ndi luzi. Aliyense wa ife a m'tauni agwire ndi manja ake, osangojambula. Pali mfutso wina wouma kale womwe tiphunzirirepo kumanga, ndipo aliyense abwerera ndi kachikwatu kake. Mu minibasi musakabise m'chikwama. Wina akafunsa ngati ndi mankhwala, mumuuze kuti ndi ndiwo za mu Okutobala.

Changa cha chaka chino ndamanga kale, cha chitambe. Azakhali akuti luzi ndamanga molobodoka, ndiye ndabwera nacho kuti mundikonzere.